Mkondo wa ku Ngonde, Mwana wa Ng'anjo

Gunda, ng'oma, gunda! Imveke pa Mbande, itsike ndi Rukuru, iwoloke Lufilya, ikagogode pa Songwe. Mnyamata wapang'oma iwe, usafewetse dzanja, pakuti amene tikumutchula lero si wamtengo, si wadongo. Lero tikutchula chitsulo.

Ndinu, Mkondo wa ku Ngonde. Ndinu Mwana-wa-ng'anjo, Wobadwa-makala-ali-psu, Woyamwa-mpweya-wa-mvukuto. Ndinu Mlongo-wake-wa-khasu: mimba imodzi inakuberekani, mnzanuyo napita kukalimira nthochi ndi mawere, inu nimupita kukagona pakhomo pa khola. Lilime-ngwee, Khosi-la-ngowe, Wolowa-msanga-wotuluka-ndi-mlandu. Mlonda-wa-ng'ombe-zamabelu. Wotsogolera-mkamwini-ulendo-wausiku. Wovina-pamaliro-fumbi-lili-koboo, amuna akuthamanga nanu uku ndi uku ng'oma ya ndingala ikulira, kuti womwalirayo adziwe kuti wasiya amuna m'mudzi.

Gunda!

Kwanu kwenikweni ndi kumapiri. Chigwa cha Ngonde ndi cha mkaka, nthochi ndi nsomba. Miyala yobala chitsulo inali kumtunda. Akinga a m'mapiri a Livingstone, kutsidya kwa nyanja, ndiwo anali eni nyundo, ndipo makasu ndi mikondo yawo inkatsikira kwa Anyakyusa ndi Angonde. Kummwera Aphoka a m'mphepete mwa Nyika ankawumba ng'anjo zazitali zadongo, zimene mabwinja ake akuonekabe m'mapirimo mpaka lero. Sikunali kusewera kumeneko. Wosungunula chitsulo ankasala mphasa, ankatentha makala ochuluka, ankadikira moto usana ndi usiku, ndipo ng'anjo ikakana, thukuta lonse linkapita pachabe. Ikavomera, chibuma cha chitsulo ankapita nacho kuchipala, nachipsereza, nachimenya, nachipserezanso, mpaka zonyansa zonse zitathothoka. Tamandani dzanja limenelo! Dzanja-losaopa-nsakali, Dzanja-lopanda-dzina. Ee, lopanda dzina, ndipo apa mpamene mtima wanga umawawira, chifukwa wosula uja anapita ndi dzina lake kumanda, mkondo nutsala wamasiye.

Koma si nonse amasiye. Alipo mkulu wanu amene anapatsidwa dzina ngati munthu. Pamene Kyungu woyamba, Syora, anatsika kuchokera kumapiri a kumpoto cha m'ma 1600, nalanda Mbande m'manja mwa Simbobwe wosaka njovu, ufumu umene anaukhazikitsa unasunga zida zake zopatulika. M'busa D. R. Mackenzie analemba m'buku lake la 1925 kuti polonga Kyungu pankatuluka mkondo wotchedwa Kamisa, ndipo pankalira ng'oma yotchedwa Mwenekelwa. Kamisa! Wogwiridwa-ndi-dzanja-limodzi-pa-m'badwo. Wosapita-kuuzimba. Wosafunsidwa-mtengo. Pamaso panu makambala, nduna za Kyungu, ankatsitsa mawu. Amene amati makolo athu sankadziwa kusunga chuma cha mbiri abwere adzamve dzina limeneli.

Tsitsa ng'oma pang'ono, mwanawe, tikulowa pamoto.

Chaka cha 1887 chinafika ndi gogodera, Mfuti-yodyera-kukamwa, Mlendo-wonunkha-wonga. Mlozi, wamalonda a akapolo, anamanga linga lake ku Mpata, Kopa Kopa ndi Msalemu namanga awo, ndipo njira ya minyanga inasanduka njira ya magoli. Mu Okutobala chaka chimenecho Angonde anathawira m'bango la ku Kambwe. Adani anayatsa bangolo. Wothawa moto anakumana ndi chipolopolo, wothawira m'madzi anakumana ndi ng'ona, wotsala anamangidwa. Inu Mkondo munalipo tsiku limenelo, ndipo simunathe kuwapulumutsa. Sindibisa, pakuti wotamanda wonama ndi mdani wa mfumu. Ndinu Mboni-ya-ku-Kambwe. Ndinu Wogwa-m'matope-mwini-atagwa. Wina wa inu ali pansi pa dambo limenelo kufikira lero.

Kwezanso! Mwezi wotsatira Monteith Fotheringham wa kampani ya Mandala ndi anzake ochepa anazingidwa ndi anthu a Mlozi pa Karonga, zipolopolo zikugwa masiku angapo. Ndani anawamasula? Anyakyusa zikwi, amene anawoloka Songwe mikondo ili m'manja, John Nicoll atakawaitana. Nkhalango-yoyenda! Mvula-yogwa-chopingasa! Wosadikira-kuthira-wonga! Mabuku a azungu amachulutsa dzina la Frederick Lugard, amene chipolopolo chinamuboola manja onse awiri pa linga la Kopa Kopa mu 1888; amachulutsa za mzinga umene unafika mu 1889; amachulutsa za Harry Johnston amene anabwera ndi asilikali achi Sikh mu Disembala 1895, nagumula linga, Mlozi napachikidwa. Zonsezo n'zoona, ndipo linga silikanagwa popanda mzinga. Koma pakanapanda inu mu 1887, mzingawo ukanapeza ndani pa Karonga?

Ndipo pa 9 Seputembala 1914, Ajeremani atatsika kuchokera ku Neu Langenburg, kumene lero ndi Tukuyu, chitsulo china chinalowa m'dziko: mpeni wakunsonga kwa mfuti, makatiriji, mendulo. Asilikali akuda a King's African Rifles anagwa pa Karonga ndi pa Kasoa pa nkhondo ya eni ake, mpaka John Chilembwe analemba kalata yodandaula magazi a abale ake. Zitsulo zimenezonso ndi zathu tsopano, pakuti mwazi wathu unazigula. Ovina mapenenga akamaguba lero, malaya oyera mbee, phazi limodzi, ndi chikumbutso cha masiku a usilikali amenewo.

Tsopano tembenuka, ng'oma, yang'ana kotulukira dzuwa, tilonjere mlendo. Tsiku ndi tsiku chitsulo cha ku Japan chimawoloka mlatho wa Songwe: magalimoto ochokera padoko la Dar es Salaam, ali mdipiti kulowera ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Koma dziko la Japan lili ndi chitsulo china chimene sichibwera pamsewuwu. Ndinu Katana, Lupanga-lopindika-ngati-mwezi-wakhanda, Wakuthwa-mbali-imodzi, Mwana-wa-mchenga-wakuda. Nanunso ng'anjo yanu ndi yadongo. Amaitcha tatara, imadya mchenga wachitsulo ndi makala masiku atatu usana ndi usiku, ndipo kuti atulutse mwana amaigumula. Ku Okuizumo, m'chigawo cha Shimane, anaiyatsanso mu 1977, ndipo ikuyakabe nyengo yozizira. Wopindidwa-napindidwanso. Wovekedwa-dongo-asanamire, lochindikala kumsana, lopyapyala kukamwa, kuti polowa m'madzi kukamwa kuume gwa, msana ukhale wofewa, pakati pawo nipatsala mzere woyera wotchedwa hamon.

Chimene ndikukugwadirani, Katana, si ukali wanu ayi. Ukali wanu unaliritsa anthu ambiri ku China ndi ku Korea, ndipo sindiuimbira ng'oma. Ndikugwadira eni anu chifukwa cha kusunga. Katswiri wa kumeneko akalandira lupanga lakale amayamba waliweramira. Amaliimika, naona kupindika kwake, pakuti m'badwo uliwonse unali ndi kapindidwe kake. Amalipendeketsa pa kuwala, nawerenga timizere ta m'chitsulo ndi mafunde a hamon, nanena kuti ili n'la ku Bizen, ili n'la ku Yamashiro, Yamato, Soshu kapena Mino. Akatero m'pamene amazula kachikhomo kansungwi, navula chogwirira, naona mchira wa lupanga pamene wosula anazokota dzina lake. Dzimbiri la pamchirapo salipala, ngakhale pang'ono, popeza kuda kwake ndiko kumanena zaka. Wolipala wapha mtengo wa lupangalo. Ndipo dzina lokha salikhulupirira, chifukwa akuba anazokota maina a akatswiri pa malupanga wamba kuyambira kalekale. Masamune mwini wake, wosula wa ku Kamakura wa cha m'ma 1300, ambiri mwa malupanga ake alibe dzina. Chitsulo ndicho chimamuchitira umboni.

Nawonso anatayapo. Mu 1876 boma lawo linaletsa kuyenda ndi lupanga m'chiuno. Mu 1945, atagonja pa nkhondo, malupanga ambirimbiri analandidwa, ena nasungunulidwa, ena natengedwa ndi asilikali a ku America. Honjo Masamune, lupanga la banja la Tokugawa, linaperekedwa kupolisi ya Mejiro ku Tokyo mu Disembala 1945, ndipo silinaonekenso. Misozi imeneyo ndiyo inabala bungwe la NBTHK mu 1948, limene mpaka lero limayesa malupanga ndi kupereka zikalata. Lupanga lililonse la m'nyumba ya munthu liyenera kukhala ndi chiphaso cha boma, ndipo lotchedwa chuma cha dziko silingagulitsidwe kunja, ngakhale wogula atabwera ndi ndalama zodzaza ngolo.

Bwerera kwathu, ng'oma, bwerera ndi ukali!

Mkondo wa ku Ngonde, lero muli kuti? Ndinu Wotsomekedwa-kudenga-mwaye-uli-bii. Ndinu Wokumbira-chinangwa. Ndinu Wotokosera-moto, luti lanu chiswe chitadya. Ogula zitsulo zakutha akafika ndi sikelo yawo, mumakwera pamodzi ndi mapoto obooka ndi malimu a njinga, nimuyesedwa pa kilo. Pa kilo, inu amene munawoloka Songwe! Wina amakupalani ndi mchenga kuti muwale, mlendo akukondeni, osadziwa kuti akufufuta zaka zanu. Wina amasula watsopano dzulo, namukwirira m'matope amchere, namugulitsa ngati wa nthawi ya Mlozi. Wogula amakulowetsani m'chikwama, ndipo kumene mukafike adzangolemba kuti mkondo wa ku Africa, osatchula mudzi, osatchula mwini. Pamenepo ndiye mwafa imfa yeniyeni. Lamulo la Monuments and Relics Act lilipo, ndipo limakaniza kutulutsa zakale m'dziko popanda chilolezo, koma lamulo silingalonde chinthu chimene eni ake sanachiwerenge.

Agogo, inu amene mukali ndi mpweya ku Ngerenge, ku Kaporo, ku Mpata, ku Lupembe, tiuzeni tisanakuikeni. Unali wa yani? Anausula Mkinga kapena Mphoka? Unadza ndi malowolo, kapena unatoledwa pankhondo? Ngowe zake n'zingati, ndipo waya wa mkuwa wapalutiyu anakulunga ndani? Mdzukulu iwe, foni uli nayo: jambula mkondowo mbali zonse, jambula mawu a agogo, lemba m'kope dzina la mudzi ndi la banja. Upukute ndi kansalu kouma, upake timafuta pang'ono, uusunge posafika chinyezi, mchenga ndi sandipepa zikhale kutali.

Ndipo nyumba ilipo. Pa Karonga pomwe pali Cultural and Museum Centre, imene inatsegulidwa mu 2004, mmene mwaima chifaniziro cha mafupa a Malawisaurus, chilombo chakalekale cha ku Mwakasyunguti, mmene amakamba za chibwano cha munthu wakalekale chimene chinapezeka ku Uraha mu 1991. Ngati fupa la chilombo linapatsidwa dzina, nambala ndi malo pamene linatoledwa, mkondo wa agogo ulekerenji? Wosafuna kuupereka asaupereke, ndi wake; koma apite nawo ukaonedwe, ukalembedwe, abwerere nawo kwawo uli ndi mbiri yake papepala.

Menya kotsiriza, menya ndi manja onse! Mwana-wa-ng'anjo, imvani. Mlongo-wa-khasu, imvani. Mboni-ya-ku-Kambwe, Nkhalango-yoyenda, Mng'ono-wake-wa-Kamisa, imvani. Dzina latsopano ndikukupatsani lero pamaso pa Ntemi Kyungu ndi makambala ake, ndipo anthu a ku Ngonde alivomere ndi nthungululu: ndinu Wosakwera-pasikelo!