Mtsempha wa vagus si swichi ya magetsi

Mukangolemba mawu oti vagus nerve pa TikTok kapena pa Instagram, foni yanu siipumanso. Uyu akuti muviike nkhope m'madzi a ayezi, uyo akugulitsa kachipangizo kopana pakhutu, winanso wanyamula botolo la ma probiotic. Onsewo lonjezo lawo ndi limodzi: mukachita zimenezi, nkhawa ithawa pompo. Lero tiwaike pa sikelo mavidiyo amenewa, chifukwa ambiri a ife timawaonera pakati pa usiku, titangoweruka shifiti, tulo titakana, mtima uli m'mwamba.

Tiyambe ndi zimene amanena zoona. M'thupi muli mitsempha ya mauthenga, osati ya magazi ija, imene imagwira ntchito osakufunsani. Madokotala amaitchula autonomic nervous system, dzina limene John Langley wa ku Cambridge anapereka mu 1898. Ndiyo imayendetsa kugunda kwa mtima, kugaya chakudya, thukuta, malovu, chikhodzodzo, ngakhale kukula ndi kuchepa kwa kadontho kakuda ka m'diso. Mbali ina, ya sympathetic, imachokera mu msana ndipo imakonzekeretsa thupi kulimbana kapena kuthawa. Chichewa chinaidziwa kalekale: tsemwe, nthumanzi, kukamwa kouma gwa pamene ofisala wa pa eyapoti akutembenuza pasipoti yanu. Mbali inayo, ya parasympathetic, ndi ya kupuma ndi kugaya nsima, ndipo msewu wake waukulu ndiye vagus, wochokera pansi pa ubongo, kudutsa m'khosi, kukafika ku mtima, mapapo ndi matumbo.

Mtima ukasiyidwa wokha umagunda pafupifupi ka 100 pa mphindi. Vagus ndiye amauponda buleki mpaka utsike. Mu 1921 Otto Loewi anaonetsa ndi mitima ya achule kuti bulekiyo ndi mankhwala amene mtsempha umatulutsa, omwe lero timati acetylcholine. Mukamatulutsa mpweya pang'onopang'ono buleki ija imagwira kwambiri, ndipo madzi ozizira pankhope amachepetsadi kugunda kwa mtima kwa kanthawi. Pamenepa mavidiyo aja sakunama, ndipo kupuma mofatsa n'kwaulere. Pumani ndithu.

Vuto limayamba akafika pa mawu oti "asayansi atsimikiza". Ife a ku Hamilton tili ndi mwayi, chifukwa kafukufuku wina wotchuka pa nkhaniyi ali ndi mizu konkuno. Mu 2011, John Bienenstock ndi Paul Forsythe a ku McMaster, mogwirizana ndi gulu la John Cryan ku Cork m'dziko la Ireland, anadyetsa mbewa bakiteriya wotchedwa Lactobacillus rhamnosus JB-1. Ndikunena mbewa za mu labotale, osati zapakamtengo zogulitsa m'mbali mwa M1 zija. Mbewazo zinachepa mantha, ndipo mahomoni a nkhawa sanakwere kwambiri. Koma pa mbewa zimene anazidula vagus, khalidwe silinasinthe. Apa panaoneka kuti matumbo amalankhuladi ndi ubongo kudzera mu mtsempha umenewu, ndipo n'zomveka, poti pafupifupi 80 pa 100 ya ulusi wake umanyamula uthenga kuchoka m'thupi kupita kumutu.

Nkhani yokoma, eti? Koma ili ndi gawo lachiwiri limene ogulitsa mabotolo satchula. Mu 2017 gulu lomwelo la ku Cork linapereka bakiteriya yemweyo kwa amuna 29 athanzi, ndipo pa nkhani ya nkhawa sanasiyane ndi pamene ankamwa makapisozi opanda kanthu. Asayansiwo anasindikiza zotsatirazo poyera, sanabise. Paja ndi ku McMaster komweko kumene Gordon Guyatt anatchukitsa mawu oti evidence-based medicine mu 1991, kutanthauza kuti chithandizo chiziyendera umboni, osati kukoma kwa nkhani. Kudzutsa vagus ndi magetsi kulipodi m'chipatala: kuyambira 1997 ku United States amaika kachipangizo pansi pa khungu la pachifuwa kuthandiza odwala khunyu. Koma imeneyo ndi opaleshoni, yoyezedwa zaka zambiri. Siifanana ndi kopana pakhutu kogula pa intaneti.

Cholakwika chachiwiri n'chakuti mavidiyowa amaisandutsa mdani mbali ya sympathetic, ngati ndi swichi yoti izimitsidwe. Tayesani kuimirira popanda iyo. Mukadzuka pampando magazi amathamangira kumiyendo, ndipo ndi iyoyo imafinya mitsempha ya magazi kuti ubongo usasowe, apo ayi mukanagwa chikomokomo. M'nyengo yachisanu ya kuno ndiyo imasunga kutentha m'kati mwa thupi. Mbali ziwirizi zimagwira ntchito limodzi tsiku lonse. Ndipo kuzikoka zonse mwamphamvu nthawi imodzi n'koopsa. Munthu akadumphira mu Lake Ontario mu Januwale, kuzizira kwa pakhungu kumathamangitsa mtima pamene madzi a pankhope akuuimitsa, ndipo kwa amene mtima wake uli kale ndi vuto, kugunda kumatha kusokonekera. Zimenezi vidiyo ya mphindi imodzi siikuuzani.

Chachitatu ndiye chimandidetsa nkhawa kwambiri. Mavidiyowa amakuuzani kuti thupi lanu lasokonekera, ndipo kulikonza ndi ntchito yanu. Koma munthu wogwira mashifiti ausiku, womwa khofi wachitatu kuti maso asatseke, wodikira yankho la pemiti, kwinaku kumudzi akufunsa za fizi ndi feteleza, thupi lake silinaonongeke. Likuyankha molondola pa moyo umene ali nawo. Ayezi sasainira pemiti. Chimene chingathandize ndi tulo tokwanira, kuchepetsa khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija, kuuza abale chilungamo za ndalama zimene mungathe kutumiza, ndi kukhala ndi munthu womukhuthulira za kumtima.

Komanso si mtima uliwonse wothamanga umene uli wa nkhawa. Kuchepa kwa magazi kumauthamangitsa. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopyola muyeso chimabweretsa thukuta, kunjenjemera ndi kuonda. Shuga wokhalitsa amaononga mitsempha yomweyi, munthu n'kumachita chizungulire akaimirira. Zonsezi amaziona poyeza magazi, BP ndi mtima, osati pa vidiyo. Kuno ku Ontario mungaimbe 811 nthawi iliyonse n'kulankhula ndi namwino kwaulere. Ngati pachifuwa pakupweteka, mukubanika, kapena mwakomoka, imbani 911 osadikira kuti kuche.

Ndiye mavidiyowa tiwapatse zingati? Pa kupuma mofatsa, akhoza. Pa zogulitsa, adikire umboni wa pa anthu. Vidiyo ikakuuzani kuti asayansi atsimikiza, funsani mafunso awiri okha: anayesa pa ndani, mbewa kapena anthu, ndipo wolankhulayo akugulitsa chiyani?