Nkhope Yopondedwa M'kati mwa Galasi

Mu mzinda wa Tokyo, m'dera la Ueno, muli nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale yotchedwa Tokyo National Museum, imene inayamba m'chaka cha 1872. Pakati pa malupanga, mbiya ndi zojambula zosaŵerengeka, nyumbayi isunganso timbale ta mkuwa 19, kalikonse kukula kwake ngati buku la mapemphero. Pa timbale tina pali Ambuye Yezu, pa tina pali Amayi Maria. Ajapani amatitcha fumi-e, ndiye kuti chithunzi chopondapo. Tsono ife tifuna kufunsa: munthu amene ntchito yake ndi kusunga ndi kuonetsa zaluso za ku Japan, achite nato chiyani timbale totere?

Tiyambe takumbutsana kumene tinachokera. Francis Xavier Woyera anafika ku Kagoshima mu 1549, ndipo anthu ambiri anabatizidwa. Pa 5 February 1597 Akhristu 26, pamodzi ndi Paul Miki, anapachikidwa ku Nagasaki, ndipo mu 1614 boma la a Tokugawa linaletseratu Chikhristu m'dziko lonse. Pofuna kuzindikira amene anali kupemphera mobisa, akuluakulu a boma analamula kuti anthu aziponda chithunzi choyera pamaso pawo. Poyamba ankagwiritsa ntchito zithunzi ndi mamendulo olanda kwa Akhristu eni ake, koma mu 1669 boma la ku Nagasaki linaumbitsa timbale ta mkuwa 20, poti mkuwa sutha msanga ngakhale mapazi achuluke. Chaka ndi chaka, pa nyengo ya chaka chatsopano, mabanja a mu mzindamo ankaponda, ndi odwala omwe, mpaka mwambowo unatha kumeneko m'zaka za m'ma 1850.

Ntchito ya wosunga zakale ioneka yofatsa kwa ife oonera patali. Iye ayang'anira kuŵala ndi chinyezi, popeza zojambula za ku Japan zambiri nza pa pepala ndi pa nsalu ya silika, zimene zifwifwa zikakhalitsa poyera. Nchifukwa chake aziika poonekera masabata ochepa okha, nazibwezanso mu mdima. Afufuza kumene chinthu chinachokera ndi manja amene chinadutsamo. Pomaliza alemba kapepala ka mizere itatu kapena inayi koika pambali pa galasi. Kapepalako ndiko kamene tiyenera kukayang'anitsitsa, pakuti mlendo woima pamenepo mphindi imodzi atenga mawu akewo napita nawo kwawo ngati choona chonse.

Chiyeso choyamba cha wosungayo ndi kukongoletsa. Nkosavuta kulemba kuti: mkuwa, 1669, Nagasaki, nkuyamikira luso la mmisiri, nkuŵalitsa nyale bwino, basi. Zonsezo nzoona, komatu kambaleko sanakaumbire maso. Anakaumbira phazi, ndipo phazilo linali la mayi amene, atafika kunyumba, ankapemphera pemphero la kulapa monga makolo ake anamphunzitsira. Wolemba mabuku Endo Shusaku, amene anali Mkatolika, anaona fumi-e ku Nagasaki, ndipo chimene chinamkhudza mtima ndi kuda kwa zala za kumapazi kotsala pa thabwa lake; m'menemo munabadwa buku lake la Silence la mu 1966. Tikuti wosunga zakale wabwino sachotsa litsiro lotere ndipo salibisa, chifukwa umboni wa anthu amene maina awo sanalembedwe uli momwemo.

Chiyeso chachiŵiri chitikhudza ife okhulupirira koposa, ndicho kukokomeza. Akhristu obisala ankasunga m'nyumba zawo tizifanizo toyera ta dothi, ta mayi wonyamula mwana, timene lero titchedwa Maria Kannon. Tambiri tinaumbidwa ku Dehua, m'dziko la China, ndipo oumbawo ankaumba Kannon wa Abuda, osaganizako za Amayi Maria mpang'ono pomwe. Chimene chinasandutsa chifanizocho kukhala cha Maria ndi pemphero la banja limene linachigwadira. Nchifukwa chake zifanizo ziŵiri zingathe kufanana ngati mapasa, china nkukhala cha Akhristu, china ayi. Chidwi cha anthu pa mbiri imeneyi chitakula, panabukanso zinthu zambiri zonamizira, zojambulidwa timitanda dala kuti zigulidwe pa mtengo wokwera. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wosunga zakale akakana kutcha chinthu chotere chachikhristu popanda umboni, tisamuyese mdani wa chikhulupiriro. Ateteza amaritiri kuti asasanduke malonda.

Apa mpamene pali chinthu choŵaŵa kuchiganizira. Zinthu za Akhristu zimene zili ku Tokyo nzodalirika chifukwa zinachokera m'nkhokwe ya boma la ku Nagasaki, limene linazilanda, monga pa kugwidwa kwa Akhristu a ku Urakami mu 1856. Wozunza uja, pofuna umboni woŵaimbira mlandu, ndiye anatisungira umboni wa kukhulupirika kwawo. M'nyumba yomweyo muli chithunzi cha Amayi Maria amene chala chachikulu chokha chituluka m'chofunda chawo, chimene anabwera nacho Bambo Giovanni Battista Sidotti, wansembe wa ku Italy, amene analoŵa mobisa mu 1708 namwalira m'ndende ku Edo mu 1714. Kapepala kamene sikanena kuti zinthuzi zinachita kulandidwa kalakwira eni ake kachiŵiri.

Ena adzati: bwanji osabweza zonsezi ku tchalitchi? Maganizo ameneŵa tiŵamvetsa. Pa phiri la Nishizaka, pamene anafera amaritiri 26 aja, pali nyumba yosungiramo zakale imene ansembe a Chijezuiti anatsegula mu 1962, ndipo kumeneko zinthu zilankhula zili kwawo. Koma tikumbukire kuti Akhristu ku Japan ngochepa ndithu, mwina mmodzi pa anthu 100 alionse. Ana asukulu ambiri amene adutsa m'nyumba ya ku Ueno sadzaloŵa m'tchalitchi moyo wawo wonse. Ngati galasi ndi kapepala zinena zoona, mwana wotere adzadziŵa kuti m'dziko lake munali anthu amene anasunga ubatizo, kalendala ya Mpingo ndi mapemphero kwa zaka zoposa 200 popanda wansembe, mpaka pa 17 March 1865 pamene ena a iwo anadziulula kwa Bambo Bernard Petitjean m'tchalitchi la Oura, nafunsa kumene kunali chifanizo cha Amayi Maria. Adzadziŵanso kuti ngakhale zitatero, anthu a ku Urakami oposa 3,000 anathamangitsidwa kwawo, ndipo zikwangwani zoletsa Chikhristu zinachotsedwa mu 1873.

Choncho muyeso wathu poŵeruza ntchito ya wosunga zakale ndi uwu: anene amene anapanga chinthucho, amene anachipempherera, ndi amene anachilanda, osasiyapo mmodzi, osaonjezapo za m'maluwa. Akatero wagwira ntchito ya chilungamo, kaya iye mwini ndi Mbuda, Mkhristu, kapena wosapemphera.

Mu 2018 bungwe la UNESCO linaika malo 12 a Akhristu obisala, a ku Nagasaki ndi ku Amakusa, m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Ambiri mwa malowo ndi midzi wamba ya asodzi ndi alimi. Midziyo ititsimikizira kuti osunga oyamba a zinthu zonsezi anali makolo, amene analibe galasi kapena nyale, koma ankaitana mwana madzulo, namuuza motsitsa mawu dzina lenileni la mayi wa m'chifanizo uja. Kolona ya agogo imene ili m'sutikesi mwathu idikira ife kuti tichite chimodzimodzi.