Mbewa ya M'komboni: Kuunikanso Njira ya Brian Morris

Buku la Brian Morris lotchedwa The Power of Animals, lomwe lidatuluka mu 1998, lidatikumbutsa kuti wofufuza za ubale wa anthu ndi nyama ayenera kuyambira pa mawu a eni ake. Morris adakhala pakati pa anthu a kumidzi ku Malawi, namvetsera alenje, ndipo adaonetsa kuti mawu akuti nyama ndi chilombo amagawa zolengedwa poona ngati zili zodyedwa kapena zoononga, mosiyana ndi magawidwe a akatswiri a sayansi. Pa mfundo imeneyi tikugwirizana naye kwathunthu.

Dandaulo lathu ndi lakuti njira yabwinoyi idathera kumudzi. Karen Tranberg Hansen, yemwe adayamba kafukufuku wake ku Mtendere mu Lusaka m'chaka cha 1971, adaika mtima pa mabanja, nyumba ndi ntchito za amayi. Nkhani ya nyama m'makomboni ikudikirabe mwini wake, chonsecho aliyense wofika pa msika wa mbuzi wa ku Chibolya, pafupi ndi Kanyama, aona kuti nkhaniyo ilipo.

Titenge mbewa. Wofufuza wobwera ndi mafunso olembedwa m'Chingerezi adzafunsa munthu wa ku Matero ngati amadya rat, ndipo adzakanidwa mwaukali. Woyankhayo sananame ayi. Liwu limodzi la Chingerezilo laphatikiza khoswe wa m'nyumba, yemwe ndi wonyansa, ndi mbewa ya kumunda, yomwe ndi ndiwo. Mpaka apa Morris akutithandiza, ndipo aphunzitsi a zomasulira ayenera kugwiritsa ntchito chitsanzochi m'kalasi.

Koma m'tauni mbewa idalandira udindo wina umene buku lake silingafotokoze. Pa chimbuya, chomwe ndi chisuweni cha nthabwala pakati pa Abemba ndi anthu a Kum'mawa, Mbemba amaseka mnzake kuti ndi wodya mbewa, winayo nabwezera kuti Abemba amadya anyani. Mawuwa amamveka m'minibasi, m'misika, ngakhale pa maliro pomwe. Mlendo amamva chipongwe, pomwe eni ake akutsimikizirana ubale. Woyankhulayo mwina sadakumbepo una chibadwire, komabe mbewayo ikunena za kwawo.

Mndandanda wa mayina a nyama sungagwire zimenezi. Pafunika wofufuza wodziwa Chinyanja cha m'tauni pamodzi ndi Chibemba, wokhala pa siwa usiku wonse, kulemba amene wayamba nthabwala, amene waiyankha, ndi amene wangokhala chete.