Buku la a John Seymour ndi kadimba kathu ka kuseri kwa nyumba

Buku limene ndikufuna tikambirane ulendo uno ndi The Complete Book of Self-Sufficiency, lolembedwa ndi a John Seymour. Linatuluka koyamba m'chaka cha 1976, ndipo mu 2003 analikonzanso n'kuwonjezera mawu oti New pa dzina lake. Nkhani yake ndi ya momwe banja lingadzidyetsere lokha pa malo ochepa: kulima, kuweta, kubzala zipatso, kufulula mowa, kusunga chakudya, kuluka madengu ndi maluso ena apakhomo. Maganizo anga ndi akuti bukuli ndi mphunzitsi wabwino wa manja, koma pa nkhani ya momwe munthu angakhalire moyo wake, tiliwerenge maso ali gwa.

Mwini bukuli si mlendo kwenikweni kumaiko kwathu. A Seymour anabadwa mu 1914 ndipo anamwalira mu 2004. Ali mnyamata anagwirapo ntchito pa mgodi wa kopa ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi Zambia, komanso mu dipatimenti yoona za ziweto m'dziko lomwelo. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anali mu King's African Rifles, gulu limene agogo athu ambiri analowamo. Atabwerera ku Britain analima ku Suffolk, kenako ku Pembrokeshire m'dziko la Wales. Ndiye zimene analembazi anazigwira ndi manja awo, ndipo ukamawerenga zimachita kuonekeratu.

Gawo limene linandigwira mtima ndi la kufulula. Amafotokoza momwe amanyikira balere m'madzi, kumusiya amere, kumuyanika, n'kumuphwanya. Amayi amene anakulira kumudzi aseka pamenepa, chifukwa chimenechi ndi chimera basi, chomwe chija timapanga ndi mawere, mapira kapena chimanga. Mbewu ikamamera imatulutsa mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga. N'chifukwa chake phala lolimba limasungunuka n'kuyamba kutsekemera mukathiramo chimera. Mphamvuyi imagwira bwino phala likatentha pafupifupi madigiri 65, ndipo imafa phala likakhala lowira. Agogo ankayesa ndi chala, mzungu amayesa ndi thermometer, koma nzeru ndi imodzi. Kwa ife tili kunjafe phindu lake ndi ili: ukadziwa chifukwa chake, thobwa ungaphike ngakhale ku Leeds kapena ku Chicago. Mawere amapezeka m'masitolo a amwenye, kumene amawatcha ragi. M'nyumba yozizira thobwa limachedwa kusasa, ndiye chidebe chiikidwe pamalo ofunda. Chenjezo limodzi kwa a ku Britain: kufulula mowa womwa pakhomo n'kololedwa popanda laisensi kuyambira mu 1963, koma kutcheza kachasu popanda laisensi ndi mlandu.

Gawo la zipatso nalonso ndi lothandiza, makamaka chifukwa mitengo ya kuno ndi yachilendo kwa ife. Kwathu mango amakula okha, masuku timakatola kutchire, ndipo palibe amene anadulirapo mtengo wa bwemba. Maapozi satero ayi. Amafuna kumezanitsa, kudulira chaka ndi chaka, ndipo mitundu yambiri sibereka bwino pokhapokha pafupi pali mtundu wina wochita maluwa nthawi imodzi. Zithunzi za m'bukuli zimaonetsa bwino momwe mtengo ungaphunzitsidwire kuyala nthambi zake pa waya motsamira khoma, kuti usadye malo. Ine ndingowonjezerapo kuti pogula mbande muzifunsa tsinde limene anamezanitsapo. Tsinde la M9 limapereka mtengo wamfupi umene umayamba kubereka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo la M27 ndi laling'ono kwambiri moti limakula mu mphika waukulu. Kwa munthu wochita lendi imeneyi si nkhani yaing'ono, chifukwa tsiku losamuka mtengo wako umakwera nawo galimoto. Ku Britain mbande zopanda dothi kumizu zimabzalidwa kuyambira Novembala mpaka Malichi. A ku Harare ndi ku Johannesburg, nyengo yanu yozizira ndi Juni ndi Julaye, ndiye miyezi ya m'bukuli musaitsatire momwe ilili.

Tsopano pamene ndikusiyana nawo a Seymour. Choyamba ndi malo. Mapulani awo otchuka ndi a ekala imodzi ndi a maekala asanu, ndipo pa ekala imodziyo amaikapo ng'ombe ya mkaka, nkhumba ndi nkhuku. Ekala ndi malo oposa masikweya mita 4,000. Kadimba kobwereka ku khonsolo, kamene ku Britain amati allotment, kakakhala kathunthu ndi pafupifupi masikweya mita 250, ndipo m'mizinda yambiri umadikira pa mndandanda usanakapeze. Nanga munthu wogwira mashifiti ausiku, wokhala pa fulati yam'mwamba, ng'ombeyo aimanga pati? Kwa ambiri a ife buku lawo lina, The Self-Sufficient Gardener la mu 1978, ndiye lotiyenera kuposa ili.

Chachiwiri ndiye chachikulu. A Seymour savuta kuvomereza kuti ntchitoyi ndi yowawa, koma iwo moyo umenewu anachita kuusankha, ndipo anali ndi mabuku ogulitsa. Ife timadziwa anthu amene amadya zolima okha chifukwa palibe kuchitira mwina. Mabanja ambiri ku Malawi amalima munda wosakwana hekitala imodzi, ndipo mvula ikavuta palibe kothawira. Amene anaona njala ya 2002 sangayang'ane chithunzi chokongola cha banja lodzidalira osakumbukira nkhokwe zopanda kanthu mwezi wa Febuluwale. Walira mvula walira matope, koma m'zithunzi za bukuli matopewo ndi ochepa. Ndiponso kwathu munthu sankadzidalira yekha. Thobwa ndi mowa wa masese zinkaphikidwa kuti anthu abwere ku dima kudzathandizana kulima, kuti chinkhoswe chikome, kuti anthu a pamaliro apeze chomwa. Thobwa lophika iwe wekha n'kumwa wekha m'khitchini, aaa, limenelo ndi phala lotsekemera chabe.

Ndiye ndikuti chiyani? Bukuli libwerekeni ku laibulale kapena ligulidwe, muwerenge za zipatso, za kufulula ndi za kusunga chakudya, za ng'ombe muwasiyire eni maekala. Koma chinthu chimodzi chitichititse manyazi pang'ono. Luso la anthu akumudzi a ku Britain linalembedwa bwinobwino, ndi zithunzi zomwe, moti mdzukulu wobadwira mu mzinda angalitsatire. Luso la amayi athu lopanga chimera, kufutsa ndiwo za mfutso ndi kusunga mbatata zouma likadali m'mitu ya anthu amene akukalamba. Mukamawaimbira foni Loweruka lino, afunseni kuti chimera amachinyika masiku angati, amachifunditsa ndi chiyani, amadziwa bwanji kuti chakwana. Lembani zimene akuuzenizo, muyese kuphika pamodzi ndi ana, ndipo likapsa muitane anzanu.