Mawu asanu a pa paketi ya nyale

Pa paketi ya lamba wa nyale za LED, wofanana ndi amene amagulitsidwa m'masitolo a zamagetsi mu Lusaka, pamakhala kamzere kotere: DC 12V, 5m, 24W, 3000K, IP65. Ogula ambiri sakawerenga. Komatu kwa mayi wophika ku Mpanshya kapena ku Shikabeta, m'boma la Rufunsa, kamzereka kakunena za mtundu wa nyale imene idzaunikire ndiwo zake usiku.

Mawu oyamba, DC 12V, ndiwo ofunika kwambiri kuno. Magetsi a ZESCO amabwera ndi mphamvu ya 230V, ndipo lamba uyu ukamulumikiza mwachindunji ku khoma amapsa pomwepo. Amafuna kabokosi kotsitsa mphamvu. Koma batire ya sola ya pakhomo nthawi zambiri imakhala ya 12V yomweyo, choncho nyaleyi imayaka popanda invata. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi a ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse, ndipo mabanja amene anali ndi batire ndi nyale zotere sanaphikire mumdima.

Kenako 5m ndi 24W ziyenera kuwerengedwa pamodzi. Mamita asanu onse amadya mawati 24, kutanthauza kuti mita imodzi imadya osakwana asanu. Khitchini ya kumudzi sifuna lamba yense. Pa lambayo pamajambulidwa kasizasi pakadutsa tinyale titatu tilitonse, ndipo pamenepo ndi pokhapo poyenera kudula. Mita imodzi pansi pa kabati kapena pansi pa thabwa la mbale imakwana, batire n'kutsala ndi mphamvu yochajira foni.

Nambala ya 3000K ikunena za mtundu wa kuwala. Uku ndi kuwala kofunda, kotsamira kuchikasu, kumene maso satopa nako. Paketi yolembedwa 6500K imapereka kuwala koyera mbee, kotsamira kubuluu. Wosankha mchenga m'kapenta angakonde koyerako, koma banja lodyera nsima m'chipinda chomwecho limamasuka ndi kofundako.

Pomaliza pali IP65. Nambala 6 ikutanthauza kuti fumbi silingalowe, ndipo 5 ikutanthauza kuti madzi owazika sangaiwononge. Kumene kuli mbaula ya malasha, nthunzi ya m'poto ndi fumbi la mwezi wa Okutobala, lamba wolembedwa IP20, amene alibe chophimba, sachedwa kuwonongeka.

Chimene paketi sinena ndi malo oikapo nyale. Babu la pakati pa denga limakhala kumbuyo kwa wophika, ndipo mthunzi wa thupi lake umagwera pa mpeni ndi pa mnkhwani womwe akusadzula. Lamba aikidwe pansi pa thabwa, chakutsogolo kwake, kuti kuwala kugwere pa manja. Guluu wa kumbuyo kwa lambayo sagwira pa khoma la dothi kapena pamalo a mwaye, choncho pukutani thabwalo kaye, mumange ndi tizitsulo togwirira, ndipo mutalikitse nyaleyo ndi moto.

Abambo amene mumakwera basi pa Great East Road kukagula katundu mu Lusaka, musanapereke ndalama werengani mawu asanuwa. Mukafika kunyumba, funsani amayi pamene amaima akamaphika, ndipo nyaleyo muiike pamenepo.