Mai Amene Anamanga Wakanda

Acinyamata anzanga, mukaonera filimu mumatamanda osewera. Nanga cipinda cimene akhalamo, mpando wothyoka uja, penti wa pacipupa, anasankha ndani? Pali munthu amene nchito yace ndi kukonza malo onse ooneka m'filimu. Mmodzi wa iwo ndi mai Hannah Beachler a ku Ohio, ku America, mwana wa wojambula mapulani a nyumba.

Dzina mwina simulidziwa, koma nchito yao munaiona. Ndiwo anakonza dziko la Wakanda mu Black Panther ya mu 2018, ndipo mu 2019 anakhala munthu wakuda woyamba kulandira Oscar pa nchito yotere. Asanamange kanthu anayenda mu South Africa, nalemba buku la masamba pafupifupi 500 lolongosola dzikolo. Nyumba zazitali za mumzinda anaziveka madenga ozungulira ngati a kumudzi, zina anazibaya mitengo m'zipupa monga nyumba zadothi za ku Timbuktu, ndipo malemba anatengako ku nsibidi wa ku Nigeria.

Nzokongola, sindikana. Koma taonani bwino: Mali, Nigeria ndi South Africa zaphikidwa mumphika umodzi, ngati kuti Africa yense ndi mudzi umodzi. Maso akhuta, koma ndani wa ife angaloze cala kuti apa mpakwathu?

Kwa ine, nchito yao yopambana iri mu Moonlight ya mu 2016 (si filimu yoonetsa ana, atsogoleri mumve). Inajambulidwa ku Miami ndi ndalama zocepa, madola pafupifupi 1.5 miliyoni, pamene Black Panther inadya pafupifupi 200 miliyoni. Kamnyamata Chiron kafika panyumba, amai ace kulibe. Kateleka madzi pa sitovu, kawathira m'bafa, kaonjezamo sopo wotsukira mbale, ndi kusamba kokha. Palibe wanena kuti mwanayu ndi wosiyidwa. Poto, bafa ndi zipupa zopanda kanthu zanena kale. Tsono yerekezani ndi nyumba ya Teresa, mai amene amlandira: thebulo loyalidwa, cakudya pambale, bedi la nsalu zoyera. Mwana amene anakulirapo m'komboni, nadziphikira yekha madzi osamba, adzazizindikira nyumba ziwirizi asanamve liu ndi limodzi lomwe la Cingelezi.