Mono wa Mkunga ndi Mayina Ake: Kuunika Buku la Elsdon Best

M'chaka cha 1929 nyumba yosungiramo zinthu zamakedzana ya Dominion Museum, mumzinda wa Wellington ku New Zealand, idasindikiza buku la Elsdon Best lotchedwa Fishing Methods and Devices of the Maori. Bukuli limafotokoza njira ndi zipangizo zimene Amāori, eni nthaka a dzikolo, ankagwirira nsomba, ndipo gawo lalikulu ndithu ndi lonena za mkunga, nsomba yaitali yoterera ija yooneka ngati njoka. Cholinga cha nkhani ino ndi kuona m'mene mlembiyu adasamalira mayina a miyono ya mkunga, pakuti aliyense wolemba mtanthauziramawu kapena womasulira buku la sukulu amakumana ndi vuto lomwe iye adakumana nalo: chipangizo chili ndi dzina lake, koma chiyankhulo chomasuliramo chili ndi liwu limodzi lokha lokuta zonse.

Tiyambe ndi chipangizocho. Amāori amatcha mkunga kuti tuna, ndipo mono wake amati hīnaki. Womasulira wathu achenjere pomwepa, chifukwa tuna ameneyu si nsomba ya m'nyanja ya mchere ija imene timagula m'zitini. Mawuŵa angofanana kalembedwe basi. Hīnaki amaluka ndi zomera zoyanga za m'nkhalango. Yotchuka kwambiri ndi mangemange, chomera chopyapyala koma cholimba zedi, chimene chimapezeka makamaka kumpoto kwa dzikolo. Kumadera kumene kulibe mangemange ankagwiritsa ntchito ziyangoyango zina monga akatea, kapena mizu yolendeŵera ya chomera chotchedwa kiekie. Woluka amayala timitengo m'litali, nkumatimangirira ku mikombero, mpaka mono utatupa pamimba ndi kuchepa kumapeto. Kumutu kumodzi amaluka khomo lopindikira m'kati, limene limanka licheperachepera, ndipo dzina lake ndi akura. Mkunga umaloŵa mosavuta, koma ukafuna kutuluka umangotsata chipupa, osalipeza khomo lija. Kumutu kwinako kumakhala chivundikiro chokhuthulira nsomba.

Ubwino waukulu wa bukuli uli pamenepa. Best sadakhutire ndi kungoti uwu ndi msampha wa mkunga. Adasunga mayina a Chimāori, ndipo pambali pa dzina adaika ntchito yake. Woŵerenga amadziŵa kuti pali mono wotchera ndi nyambo, ndiponso pali wina wopanda nyambo, womangirira pa mpanda wa mumtsinje wotchedwa pā tuna, umene ife tingauyerekeze ndi biyo. Kusiyana kwakeku si kwa dzina lokha. Mono wa nyambo amauyang'anitsa kumunsi kwa mtsinje, poti mkunga umabwera chokwera ukulondola fungo. Wa pa mpanda umayang'ana kumtunda, pakuti umadikira mikunga yaikulu yotsika ndi madzi osefukira usiku wa mdima ndi mvula, pa ulendo wake wokaswana kutali m'nyanja ya Pacific. Mikunga yotsikayi ili ndi dzina lakelake, tuna heke, ndipo ina mwa iyo imakhala itatha zaka makumi angapo m'madzi ozizira isanayambe ulendowo, umene imayenda kamodzi kokha pa moyo wake. Palinso korotete, dengu lokhala m'madzi, limene silikola kanthu koma limasunga mikunga yamoyo kufikira tsiku loidya. Munthu akati zonsezi ndi msampha, wanama pa korotete, ndipo wabisa chifukwa chimene miyono iŵiri ija imayang'anira mbali zosiyana.

Komabe bukuli lili ndi zofooka, ndipo zofookazo n'zimene zikutikhudza kwambiri.

Choyamba chili pa mutu weniweni wa bukuli, umene umanena za Amāori ngati gulu limodzi loyankhula mofanana. Best adakhala pakati pa fuko la Tūhoe, kudera la mapiri ndi nkhalango la Urewera, kuyambira 1895 mpaka 1910, ndipo za mipanda ya mumtsinje wa Whanganui adadalira kwambiri zimene T. W. Downes adalemba mu 1918. Kudalira anzako si mlandu. Vuto ndi lakuti mawu otoledwa kwa mafuko osiyana akasanjidwa pamodzi, woŵerenga amayesa kuti ndi mawu ofanana matanthauzo amene munthu angasankhe mwa kufuna kwake. Pamene Best watchula dera, ndime yake imakhala ya mtengo wapatali. Pamene wangounjika mayina, wofufuza wa lero amayenera kubwerera kwa eni ake kukafunsanso. Mtsinje waukulu wothamanga ngati Whanganui udali ndi mpanda wakewake, pā auroa, womangidwa motsata madzi, wosiyana ndi mipanda iŵiri yokumana pakati imene ankamanga m'timitsinje. Dzina lotere likachotsedwa pa mtsinje wake limatsala chigoba. Ifenso tikamalemba mawu a asodzi a ku Chilwa, a ku Nkhotakota ndi a ku Chigwa cha Shire, tisamaŵathire m'nkhokwe imodzi popanda kulemba kumene liwu lililonse lachokera.

Kalembedwe nakonso kali ndi nkhani. Best adalemba hinaki ndi pa popanda kamzere kapamwamba kosonyeza liwu lokoka, monga ankachitira alembi ambiri a nthaŵi yake. Sitingamdzudzule kwambiri pa zimenezi. Koma m'Chimāori kukoka liwu kumasintha tanthauzo: wahine ndi mkazi mmodzi, wāhine ndi akazi ambiri. Bungwe loona za chiyankhulochi, Te Taura Whiri i te Reo Māori, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1987, limalimbikitsa kulemba kamzereko, ndipo mabuku a masiku ano amalemba hīnaki ndi pā. Motero mkonzi wathu amene akukopera dzina kuchokera m'buku la 1929 adziŵe kuti akukopera kalembedwe kakale. Ife amene takhala tikukangana zaka zambiri za kachizindikiro ka pamwamba pa ŵ, ndiponso amene timalemba mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pamsika mofanana, sitiyenera kudabwa kuti kanthu kakang'ono chotero kangasenze tanthauzo.

Chofooka chimene ine ndimachiona chachikulu ndi maganizo amene adatsogolera ntchito yonse. Best, monga ofufuza anzake a nthaŵiyo, ankakhulupirira kuti nzeru zakale za Amāori zikutha, ndipo kuti ntchito yake ndi kutola zotsala zisanatayike. Chidwi chake chili pa chipangizo, pa mfundo ndi pa mluko. Koma mipanda ya ku Whanganui sidangotha yokha ngati nsalu yakale. Umboni umene udaperekedwa pambuyo pake umati chisanafike chaka cha 1890 mumtsinjewo mudali mipanda ya mkunga yoposa 350. Yambiri idagumulidwa pofuna kulambulira njira sitima zapamadzi, ndipo eni ake adakadandaula ku nyumba ya malamulo kale mu 1887. Mlandu wa mtsinjewu udatenga mibadwo, mpaka mu 2017 pamene lamulo lidauvomereza kuti uli ndi ufulu wonga wa munthu. Tsono liwu loti pā tuna silidali la chipangizo chokha ayi. Mpanda udali ndi eni ake, udali choloŵa cha banja, ndipo dzina lake lidali umboni wa umwini wa madzi. Woŵerenga amene angadalire Best yekha adzadziŵa kazikidwe ka nsichi, koma pa za kulemera kwa liwulo adzafunika mabuku ena.

Ndiponso mawuŵa sadafe. Hīnaki amalukidwabe, ngakhale kuti asodzi ambiri tsopano amapanga ya waya kapena ya ukonde ndi kuitcha dzina lomwelo. Pocheza, liwuli limatanthauzanso ndende, ndipo aliyense amene wamvetsa za khomo lopindikira m'kati lija safunika kumfotokozera chifukwa chake. Mtanthauziramawu amene angalembe tanthauzo lachiŵirili popanda kulongosola kapangidwe ka monowo wamana woŵerenga ulusi wolumikiza matanthauzo aŵiriŵa.

Nanga m'Chicheŵa tizilemba bwanji? Kwathu kuno tili ndi mwayi umene Chingerezi cha Best chidalibe kwenikweni, chifukwa mawu athu akadali m'kamwa mwa anthu ogwira ntchitoyo. Mono wa bango kapena wa nsungwi umatcheredwabe ku Chilwa ndi m'madambo a Shire, ndipo mkunga wa mtundu woswanira kunyanja ya mchere umapezeka mu Zambezi ndi mu Shire momwemo. Choncho palibe chifukwa chopekera liwu latsopano tili pa tebulo, kapena kuthaŵira ku msampha, liwu limene limakumbutsa woŵerenga za mbeŵa ndi nkhwali. Hīnaki ndi mono wa mkunga. Pā tuna ndi biyo la mkunga. Potchula koyamba, womasulira asunge dzina la eni ake ndi kamzere kake, kenaka apitirize ndi liwu lathu. Korotete yekha ndiye asamtche mono, popeza sagwira nsomba. Ameneyo amfotokoze kuti ndi dengu losungira mikunga yamoyo m'madzi.

Pa zigawo za mono, monga khomo lija la akura, mikombero ndi chivundikiro, mayina ake akafunsidwe kwa oluka miyono eni ake, mono uli m'manja, chala chikuloza pamalo penipeni. Wolemba alembe mudzi, mtsinje ndi chaka, komanso ngati monowo ndi wa nyambo kapena wa pa biyo.